VOLOVOLO YATSOPANO IKAPEZEKA NDI CILEMA, MUSAIYESE, IBWEZENI

Ku Chawama, mumzinda wa Lusaka, kuli bambo wina wa golosale amene kwao ndi ku Katete. Dzina lake sitilichula pano, pakuti mwini wake anatipempha kuti tisatero. Mbala zinamuthyolera sitolo kawiri m'caka cimodzi, ndipo ulendo waciwiri zinamanga mlonda wake ndi waya ndi kucoka ndi ndalama zonse za mlungu umenewo. Atalingalira nthawi yaitali, bamboyo anatsimikiza mtima kuti agule mfuti. Anatsata njira yonse ya lamulo. Anapita kwa apolisi, analemba mapepala, anadikira miyezi ingapo, ndipo potsiriza analandira ciphaso cake. Tsiku limene anafika kunyumba ndi volovolo yatsopano m'bokosi lake, anauza mkazi wake kuti tsopano agona tulo.

Koma madzulo omwewo, pamene anali kuipukuta mafuta a ku fakitale, iri yopanda zipolopolo, anaona zinthu ziwiri zimene zinamudetsa nkhawa. Coyamba, kang'oma kozungulira kamene kamasunga zipolopolo kanali kugwedera pa mabowo awiri mwa mabowo asanu ndi limodzi, m'malo moima nji. Caciwiri, pamene mpope wa mfuti ukumana ndi thupi lake panali kamzere kakang'ono ngati tsitsi, ndipo kanakana kucoka ngakhale anakapukuta kangapo.

M'mawa mwake nkhani inamveka kwa abale, ndipo aphungu atatu anafika, yense ndi nzeru yake. Woyamba, mnansi wake, anati: "Acimwene, mfuti idziwika poomba. Tiyeni tiombere kamodzi m'dzenje la zinyalala kuseri uku, tione." Waciwiri, mphwake, anati: "Malume, kumsika kuli mmisiri woocherera zitsulo amene salephera kanthu. Mng'alu umenewo autseka lero lomwe." Wacitatu ananong'ona kuti: "Mungoigulitsa kwa wina kumudzi, ndani adzadziwa?" Mkazi wake, amene anali cete nthawi yonseyi, anangoti: "Bambo, munagula cinthu ici kuti citisunge. Ngati cidwala, cibwezeni kwa eni ake cisanatidyere mwana."

Nzeru zitatu zija zimamveka kawirikawiri, m'makomboni ndi kumidzi komwe, ndipo zonse zitatu ndi njira za kumanda. Tiyeni tione cifukwa cake.

MMENE VOLOVOLO IGWIRIRA NCHITO

Volovolo ndi mfuti yaing'ono ya dzanja limodzi. Munthu amene anaifalitsa pa dziko lonse ndi Samuel Colt wa ku America, amene boma la kwao linamupatsa cikalata ca umwini wa luso limeneli mu 1836. Pakati pake pali kang'oma kaja, kamene amisiri akacha silinda, kokhala ndi mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi, bowo liri lonse cipolopolo cake. Munthu akakoka kacitsulo kokhethemulira, silinda imazungulira pang'ono kufikira bowo limodzi litalunjikana ndi mpope. Pamenepo kacitsulo kena kamaigwira kuti isasunthe, ndipo kanyundo ka kumbuyo kamamenya cipolopolo. Wonga umayaka, ndipo cipolopolo cimaturuka ndi liwiro loposa mamita 200 pa sekondi imodzi.

Zonsezi ziyenera kucitika pa nthawi yake yeniyeni, monga mmene amai awiri osinja mumtondo umodzi amapatsirana mpata. Wina akalakwitsa nthawi, misi imaombana. Momwemonso, silinda ikapanda kulunjikana bwino ndi mpope, cipolopolo cimagunda m'mbali mwa khomo la mpopewo. Tizidutswa ta citsulo timauluka cammbali, ndipo tingathe kuboola diso la mwini mfuti kapena la munthu woima pafupi naye. Kukakhala kuti pali mng'alu, mphamvu ya wonga imafuna poturukira pofooka, ndipo mfuti ingathe kuphulikira m'manja.

Zilema zina zimene zimapezeka pa volovolo yatsopano ndi izi: mpope wokhota kapena womangidwa mopendama, silinda youma, yokana kuzungulira kapena kutseguka, kanyundo kamene kamagwa kokha munthu asanakhudze kokhethemulira, mabowo okakala amene amagwira zikopa za zipolopolo, ndi zomangira zosalimba. Zokanda za pa utoto sizipha munthu, ngakhale wogula ali ndi ufulu wodandaula nazo. Koma cilema ciri conse ca pa mpope, pa silinda, pa kanyundo kapena pa kokhethemulira ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

NGAKHALE MAFAKITALE AKULU AMALAKWA

Anthu ambiri amaganiza kuti katundu wocokera kunja, wonyezimira, wa dzina lomveka, sangakhale ndi cilema. Mbiri ikana maganizo amenewa. Mu 1847 Colt mwini wake anapanga mavolovolo akulu ochedwa Walker okwana 1,100, ndipo 1,000 mwa iwo anapita kwa asilikali a America. Pafupifupi 300 anabwezedwa kuti akakonzedwe, ambiri cifukwa masilinda ake anaphulika. Citsulo ca masiku amenewo cinali cosalimba, ndipo asilikali ena anali kuthira wonga wopyola muyeso.

Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, mu 1944, msilikali wina wa pa madzi wa ku America anafa pamene volovolo ya Smith & Wesson inagwa pansi m'sitima ndi kulira yokha. Kampaniyo inasintha kacitsulo kochinga kanyundo, ndipo mfuti zokonzedwa inazidinda cilembo ca S. Kampani ina ya ku America, ya Ruger, inali ndi mavolovolo a mtundu wakale amene anatha kulira ngati agwa pansi kanyundo katatsamira pa cipolopolo. Mu 1973 inayamba kupanga mtundu watsopano wokhala ndi cochinga, ndipo kuyambira mu 1982 inayamba kuitana eni mfuti zakalezo kuti azitumize zikakonzedwe kwaulere. Mu 1987 Smith & Wesson inaitanitsanso mavolovolo a nambala 581, 586, 681 ndi 686, cifukwa silinda yake inali kugwira ndi kukana kuzungulira poombera zipolopolo zina zamphamvu. Zokonzedwa anazidinda cilembo ca M.

Phunziro liri pamenepa ndi lakuti kupeza cilema pa mfuti yatsopano si cinthu cacilendo, ndipo si manyazi kwa wogula. Pa nkhani zonsezi, amene anakonza mfuti ndi eni fakitale, amene ali ndi zida zoyesera ndi zitsulo zoyenera. Palibe imene inacira cifukwa mwini wake anaimenya ndi nyundo pakhonde.

NZERU ZITATU ZOSOKERETSA

Nzeru yoyamba inali yoyesa kuomba kuseri kwa nyumba. Amene anafikako ku Kanyama, George, Chawama, Kalingalinga, Mtendere kapena Matero adziwa mmene nyumba zinakhalira. M'malo ambiri khomo la wina lipenyana ndi zenera la mnzace, ana amasewera m'tinjira topapatiza, ndipo amai amasonkhana pa mpope wa madzi kuyambira mbandakuca. Cipolopolo ca volovolo cimaboola lata ndi citseko ca matabwa monga mmene msomali uboolera dzungu. Cikagunda mwala kapena citsulo cobisika m'dzenje la zinyalala, cimanjanja ndi kupita kumene mwini wake sanafune. Cikaomberedwa mumlengalenga cingathe kuyenda mtunda woposa kilomita imodzi, ndipo kumene cikagwere kuli munthu. Kuomba mfuti yabwinobwino pakati pa nyumba za anthu ndi mlandu kale. Nanga kuomba mfuti imene mwini wake adziwa kuti iri ndi mng'alu? Madzi akatayika saoleka.

Nzeru yaciwiri inali yopita kwa woocherera zitsulo. Amisiri a m'misika yathu ndi anthu aluso, ndipo mageti, mawilibala ndi mbaula zimene apanga zitumikira dziko. Koma citsulo ca mfuti cinaphikidwa ku fakitale pa muyeso wake wa moto, ndipo moto wina ukacipyoza cimataya kulimba kwake. Mng'alu wotsekedwa pamwamba umakhalabe mkati, wobisika, kudikira tsiku lake. Kuonjezera apo, lamulo la mfuti linapereka nchito yogulitsa ndi kukonza mfuti kwa okhawo olembedwa m'kaundula wa Boma. Ndiponso mfuti ikakhudzidwa ndi tupa kapena moto wa munthu wina, wogulitsa amapeza pothawira. Adzati: "Mwaiononga ndinu." Pamenepo wogula wataya mfuti, wataya ndalama, ndipo wataya ndi mlandu womwe.

Nzeru yacitatu, yogulitsa mwakacetecete kumudzi, ndiyo yoipa koposa zonse, ndipo ikukhudza inu awerengi athu. Mfuti iri yonse yolembedwa iri ndi nambala yodindidwa pa citsulo cake, ndipo nambala imeneyo inalembedwa pamodzi ndi dzina la mwini wake. Kupereka mfuti kwa munthu wopanda ciphaso ndi mlandu kwa wogulitsa ndi wogula yemwe. Tsiku limene mfutiyo idzaphulika kapena kupezeka pa malo a umbanda, apolisi adzatsata nambala kufikira pakhomo pa mwini wake woyamba. Koma ngakhale lamulo likadapanda kunenapo, kupatsa mbale wako cinthu cimene udziwa kuti cingamudule zala ndi kumuikira msampha panjira.

ZOYENERA KUCITA

Munthu amene wapeza cilema pa volovolo yatsopano ayambe ndi kuilozetsa kumalo kopanda munthu, cala ciri kutali ndi kokhethemulira, atsegule silinda ndi kucotsa zipolopolo zonse. Aziwerenge, ayang'ane bowo liri lonse kawiri. Mfuti aitsekere pa yokha, zipolopolo pa zokha, kumene ana sangafike. Ngati silinda yakana kutseguka zipolopolo ziri momwemo, asaikakamize ndi mphamvu kapena kuigogoda. Aiike pamalo otetezeka, aimbire wogulitsa kapena apolisi kuti amuuze cocita.

Caciwiri, asamasule kanthu. Asapale, asapinde, asathire mankhwala. Mfuti ibwerere monga mmene inacokera m'sitolo, ndi bokosi lake, kabuku kake ndi zonse zimene zinali momwemo.

Cacitatu, asunge umboni. Alembe tsiku limene anagula, tsiku limene anaona cilema, mtundu wa mfuti ndi nambala yake. Ajambule cilemaco ndi foni pamalo owala. Lisiti alisunge monga asungira citupa cake, ndipo kusitolo apereke cithunzi cake cabe, lenileni likhale kwa iye. Aonenso ngati nambala ya pa mfuti ikugwirizana ndi ya pa lisiti ndi pa ciphaso. Ikasiyana, kapena ikaoneka ngati inapalidwa, nkhaniyo si ya wogulitsa yekha ai, koma ya apolisi.

Cacinai, asacedwe. Adziwitse wogulitsa tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, ndipo mau a pakamwa awatsatize ndi kalata, pakuti mau amauluka koma kalata imakhala. Popita nayo mfuti ainyamule yopanda zipolopolo, yotsekeredwa m'bokosi, ciphaso ciri m'thumba, ndipo apite molunjika osapatukira kumowa kapena kumsika. Poisiya kusitolo alandire pepala losainidwa lochula nambala ya mfuti, tsiku, ndi cilema cimene wadandaula. Popanda pepala limeneli sadzatha kufotokoza kumene kuli mfuti yolembedwa m'dzina lake.

Zimacitikanso kuti cilema cimaonekera pamene munthu akuphunzira kuomba pa bwalo lololedwa. Ngati mfuti yalira mofooka kusiyana ndi masiku onse, aleke pomwepo, cifukwa mwina cipolopolo catsakamira mumpope, ndipo cotsatira cikacigunda mpope umaphulika. Ngati wakhethemula koma siinalire, asakhethemulenso msanga. Akhale cilozetsere kutsogolo kwa masekondi 30, pakuti wonga wina umacedwa kuyaka, ndipo silinda ikazungulira cipolopoloco cingaphulike cisanalunjikane ndi mpope. Ngati wamva tizitsulo tikumulasa kumaso kapena pa mkono, imeneyo ndi mfuti yobweza.

LAMULO LIRI KUMBALI YA WOGULA

Malamulo awiri a dziko lino akumana pa nkhani imeneyi. Loyamba ndi lamulo la mfuti la 1969, limene liri Caputala 110 m'buku la malamulo a Zambia. Lamuloli liletsa munthu kugula kapena kusunga mfuti ndi zipolopolo popanda ciphaso, ndipo linakhazikitsa kaundula wamkulu wa mfuti amene ali m'manja mwa apolisi. Popeza ciphaso cimachula mfuti yake yeniyeni, wogulitsa akapereka mfuti ina m'malo mwa yacilema, nambala yatsopano iyenera kulembedwa ndipo yakale ifafanizidwe pa dzina la wogula. Kusinthana mfuti pa kauntala monga asinthanira malaya osakwana sikuloledwa.

Laciwiri ndi lamulo loteteza ogula, nambala 24 la 2010, limene limayendetsedwa ndi bungwe la Boma la Competition and Consumer Protection Commission, lodziwika ndi zilembo za CCPC. Gawo 49 la lamuloli liletsa wamalonda kugulitsa katundu wacilema kapena wosagwira nchito imene anapangidwira, ndipo linalamula kuti wogula abwezeredwe ndalama zake kapena apatsidwe katundu wina wabwino. Pamene lamuloli linakhazikitsidwa linachula masiku 7 pa nkhani yobweza ndalama, ndipo ndico cifukwa cake tikuti musacedwe. Gawo 48 liletsa eni masitolo kupacika zikwangwani zolanda wogula ufulu wake, monga zija zakuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Wogulitsa akakana kumva, wogula angathe kukadandaula ku bungwe limeneli, ndipo makhoti nawonso alipo.

MMENE NKHANI YA KU CHAWAMA INATHERA

Bambo uja anamvera mkazi wake. Anatsekera mfuti m'bokosi, anatenga lisiti ndi ciphaso, napita kusitolo kumene anaigula. Mnyamata wa pa kauntala anayamba ndi kukana, nati mfuti ikaturuka pakhomo siibwerera. Bamboyo sanakweze mau. Anati: "Mwana wanga, ndiitanire akulu ako. Mfuti iyi sinaombepo ngakhale kamodzi, ndipo palibe comwe ndamasula." Mwini sitolo atabwera anaipereka kwa mmisiri wao, amene anaiyang'ana ndi galasi ndi kuyesa silinda bowo ndi bowo. Mmisiriyo anapukusa mutu, nati: "Bambo, mwacita bwino kusaiomba."

Anamulembera pepala, ndipo anagwirizana kuti amupatse ina. Koma siinabwere tsiku lomwelo. Panapita milungu ingapo mapepala a nambala yatsopano asanathe, ndipo bamboyo avomera kuti milungu imeneyo inali yowawa. Usiku uli wonse galu akauwa anali kudzuka ndi kukumbukira mlonda wake womangidwa ndi waya. Analimbitsa zitseko, anaika nyale panja, anayamba kupereka ndalama ku banki tsiku ndi tsiku m'malo mozisunga mlungu wathunthu, ndipo anagwirizana ndi anansi kuti azidzutsana ndi mluzu. Lero volovolo yaciwiri iri m'bokosi lacitsulo lokhoma, ndipo kiyi wake sacoka pa thupi lake. Akuti pa zonse zimene anacita milungu ija, cimene cinamuthandiza kwambiri ndi kusasunga ndalama m'sitolo.

MAU KWA A KUMUDZI

Ambiri a inu muli ndi ana, alongo kapena adzukulu m'makomboni a Lusaka, ndipo ena a iwo ndi amalonda kapena alonda amene amagwira mfuti. Akadzabwera kudzaceza, auzeni nkhani imeneyi. Ndipo munthu akafika pamudzi ndi volovolo m'cikwama, nati ndikugulitsani mochipa cifukwa iri ndi kavuto pang'ono, dziwani kuti m'mfuti mulibe kavuto kakang'ono. Mufunseni ciphaso, mufunseni cifukwa cake sanaibweze kumene anaigula, ndipo mudziwitse a mfumu ndi apolisi. Safunsa anadya phula.

Mau omwewa agwiranso pa mfuti zosakira nyama ndi pa magogodera amene ena asunga kudenga. Mpope wong'aluka, wadzimbiri kapena womangidwa ndi waya sudziwa kuti mwini wake ndi mlenje wa zaka makumi atatu. Khasu likaguluka mpini munthu amakhomerera ndi kupitiriza kulima, njinga ikaduka cheni amalumikiza panjira. Mfuti yokha ndiyo cida cimene mwini wake sayenera kuyesa nzeru zake pa ico. Ikakhala yatsopano ibwerere kwa wogulitsa, ikakhala yakale ipite kwa mmisiri wololedwa, ndipo ikakhala yosalembedwa iperekedwe kwa apolisi.